Khanda la mtima wotupa: tisanalembe kuti cardiomyopathy, mitsempha yodyetsa mtima tiione bwanji?

Kliniko_wa_ana

Akuluakulu, moni nonse. Pali nkhani imene mabuku athu a kusukulu amaidutsa ndi mizere iwiri yokha, ndiye ndati ndiibweretse kuno kuti odziwa atimasulire.

Tiyerekeze khanda la miyezi 3. Linabadwa bwino, mwezi woyamba linkakwera sikelo, kenako mzere wa m'buku la kusikelo wangogona. Mayi akuti likangoyamba kuyamwa limalavula bere, limalira ngati labayidwa ndi singano, nkhope imatuwa, thukuta kamukamu pachipumi, kenako limafooka n'kugona. Likupuma ka 64 pa mphindi. Lalandira kale amoxicillin kawiri poganizira chibayo, koma osasintha. X-ray ikuonetsa mtima waukulu. Echo (kujambula mtima ndi ultrasound) yachangu ikuti chipinda chakumanzere chapansi n'chotupa, chikufinya mofooka, ndipo valavu ya mitral, ya pakati pa zipinda ziwiri zakumanzere, ikubweza magazi. Lipoti lalembedwa kuti dilated cardiomyopathy (nthenda ya minofu ya mtima yoututupitsa ndi kuufooketsa), yambani Lasix, mankhwala ochotsa madzi m'thupi.

Tsono akuti mwa ana otere muli ena amene vuto lawo ndi ALCAPA, kutanthauza kuti mtsempha wakumanzere wodyetsa mtima unamera pa mtsempha wopita kumapapo m'malo momera pa aorta, mtsempha waukulu wochotsa magazi mumtima kupita m'thupi lonse. Kodi munthu amene ali ndi ECG (choyezera magetsi a mtima) ndi makina a echo okha angawazindikire bwanji? CT kapena MRI n'zofunikadi mwana asanatumizidwe? Nanga podikira opaleshoni, n'chiyani chimene tingachite, ndipo n'chiyani chimene tingamupweteke nacho tikuyesa tikuthandiza?

Echo_ya_ana

Akliniko, mwafunsa pabwino. Madokotala a mtima wa ana amaphunzitsana kuti khanda lililonse la mtima wotupa ndi wofooka lizitengedwa ngati lili ndi ALCAPA, mpaka munthu ataona mitsempha yonse iwiri ikuchoka pa aorta komanso ataona kumene magazi akulowera mkati mwake. Gawo lachiwirili ndi limene ambiri amalisiya, ndipo m'pamene malipoti amalakwira.

Nthendayi ndi yosowa, mwana mmodzi mwa pafupifupi 300,000 obadwa. Bland, White ndi Garland anaifotokoza ku Boston mu 1933, pa khanda la miyezi 3 ngati lanuli. Timaisaka chonchi ngakhale ili yosowa chifukwa imachizika ndi opaleshoni, pamene ikasiyidwa, ana pafupifupi 9 mwa 10 safika chaka.

Chimene chimachitika n'chotere. Mwana ali m'mimba, ngakhalenso masabata oyamba atabadwa, pulesha ya mu mtsempha wa kumapapo imakhala yokwera, ndiye mtsempha wolakwikawo umalandirabe magazi. Ndi magazi ochepa okosijeni, koma mtima umapirira nawo. Pofika masabata 6 mpaka 8 mapapo amakhala atamasuka ndipo pulesha ija yatsika. Apa magazi amatembenuka: amachoka mu aorta, kulowa mu mtsempha wakumanja, kudutsa timitsempha tolumikiza, kufika mu wakumanzere, n'kukathira mu mtsempha wa kumapapo. Wothirira dimba akudziwa kuti ngalande ikabooka kumunsi, madzi salowa m'mabedi, amangotsata pobookapo. Minofu ya kutsogolo ndi m'mbali mwa chipinda chakumanzere imatsala pouma. Kulira kwa poyamwa kuja ndi ululu womwewo umene wamkulu wodwala mtima amaumva pokwera chitunda. Kwa khanda, kuyamwa ndiye chitunda chake.

Yambani ndi ECG: P, Q, R ndi T ndi mayina a mafunde ake, ndipo ma lead monga I, aVL ndi V5 ndi mbali zimene imaonera mtima. Yang'anani lead I ndi aVL, kenako V5 ndi V6. Mukusaka Q yakuya mamilimita 3 kapena kuposa, yotambalala kuposa 30 ms. Pepala likamayenda 25 mm pa sekondi, kabokosi kakang'ono ndi 40 ms, ndiye Q imene yatsala pang'ono kudzaza kabokosi m'lifupi si yoilekerera, makamaka T ikakhala yozondoka mu I ndi aVL, kapena R ikazimirira pakati pa V2 ndi V4. Q yopyapyala mu III, aVF kapena V6 imapezeka pa makanda abwinobwino, musadabwe nayo. Onetsetsaninso kuti mawaya a kumikono sanasinthane, chifukwa akasinthana lead I yonse imazondoka pamodzi ndi P yake, n'kuoneka ngati Q yaikulu.

Tsopano echo. Mtsempha wa khanda ndi wa milimita 1 kapena 2 basi, choncho probe ya akulu siingakuthandizeni. Tengani ya 8 mpaka 12 MHz. Mwana ayamwe kaye, mum'kulunge m'chitenje, mayi am'gwire. Musam'patse mankhwala ogonetsa chifukwa cha echo. Pitani pa parasternal short axis (probe pambali pa fupa la pachifuwa, ikudula mtima chopingasa), aorta ioneke ngati wotchi pakati pa sikilini. Mtsempha wakumanja umachoka cha pa 10 kapena 11 koloko, wakumanzere cha pa 3 kapena 4 koloko. Chepetsani depth, kulitsani chithunzi, mutembenuze probe pang'ono motsata wotchi kuti muone pamene wakumanzere ukugawikana kukhala nthambi zake ziwiri, LAD yotsikira kutsogolo ndi circumflex yozungulira kumbuyo.

Msampha uli apa. Kumbuyo kwa aorta ndi mtsempha wa kumapapo kumadutsa kampata ka thumba la mtima kotchedwa transverse sinus. Pa chithunzi chakuda ndi choyera kamaoneka ngati mizere iwiri yochoka pa aorta, ndendende ngati mtsempha wakumanzere. Komanso mtsempha wolakwikawo umadutsa mokhudzana ndi aorta, ndipo khoma lopyapyala la pakati pawo likagona motsata kumene mafunde a probe akulowera, silioneka, ndiye munthu amalumbira kuti waona khomo. N'chifukwa chake chithunzi chopanda mitundu sichikwanira kulembera kuti mitsempha ili bwino.

Yatsani colour Doppler, yoonetsa ndi mitundu kumene magazi akulowera, koma scale muitsitse kufika pa 20 mpaka 30 cm pa sekondi. Ikakhala pa 60 kapena 70 monga makina ambiri amayambira, magazi oyenda pang'onopang'ono a m'mitsemphayi saoneka n'komwe. Bokosi la mtundu lichepe, gain muikweze mpaka ziyambe kuthwanima, kenako muibweze pang'ono. Mu LAD yabwinobwino magazi amachoka ku aorta kubwera cha ku probe, ndiye amaoneka ofiira. Akaoneka abuluu, akubwerera m'mbuyo. Onani kaye kachizindikiro ka pakona kuti chofiira chili m'mwamba, poti pali ena amakonda kuzondotsa. Kenako kwezani probe pang'ono muone mtsempha wa kumapapo: kalawi kofiira kothira mkati mwake pa diastole (nthawi imene mtima wamasuka ukudzaza magazi), kawirikawiri kochokera kukhoma la kumbuyo pafupi ndi valavu, ndiye khomo lenilenilo. Ambiri amakalemba kuti PDA yaing'ono, kutanthauza kamtsempha kolumikiza aorta ndi mtsempha wa kumapapo kamene sikanatsekeke mwana atabadwa. PDA imalowera kumtunda, pafupi ndi pamene nthambi yakumanzere ikuyambira, osati pamwamba pa valavu.

Zina zochitira umboni: mtsempha wakumanja wonenepa kuposa msinkhu wa mwana, minofu yogwira zingwe za mitral yowala mbee, makamaka ya anterolateral, ndi mkati mwa chipinda mowala chimodzimodzi. Mwa ana okulirapo mumaona timitundu tambirimbiri m'khoma la pakati ngati ma VSD aang'ono (mabowo a pakati pa zipinda zapansi), pamene ndi timitsempha tolumikiza tija. Ana amenewa ndi amene anapulumuka ukhanda chifukwa timitsempha tawo n'tambiri, ndipo kwathu kuno mwana wa zaka 9 wa mitral yobweza magazi amalembedwa msanga kuti rheumatic, nthenda ya mavalavu yotsatira zilonda zapakhosi. Valavu ikakhala yopyapyala, yosakhuthala nsonga, koma chipinda chili chofooka, onani mitsempha musanam'lembere jakisoni wa benzathine penicillin wa mwezi ndi mwezi.

Msampha wina ndi mwana amene ali ndi PDA yaikulu kapena VSD. Pulesha ya kumapapo imakhalabe yokwera, magazi amayenda njira yooneka yoyenera, mtima ukufinya bwino, ALCAPA yabisala. Tsiku lomanga PDA ndi limene mtima umagwa. Choncho makomo a mitsemphayi aonedwe pa mwana aliyense asanatsekedwe bowo.

Musaiwale kugwira ma femoral (kugunda kwa mitsempha ya m'mphechepeche) ndi kuona arch, pamene aorta imakhota, poti coarctation, kuchepa kwa aorta pamenepo, imatupitsanso mtima chimodzimodzi. Hb (mlingo wa magazi), calcium, HIV ndi kugunda kothamanga kwa SVT muzione pomwepo.

Wa_ku_CT

Ndiyankhe funso lachiwiri. Ngati echo yaonetsa magazi obwerera mu LAD ndi kalawi kothira mu mtsempha wa kumapapo, ndipo ECG ikugwirizana nazo, mwana asachedwe chifukwa chodikira CT. Malo ambiri ochita opaleshoniyi amalowa ndi echo yokha, ndipo akafuna CT amajambula okha. CT ndi ya pamene echo yasiya chikaiko, kapena pamene khomo silikupezeka pamalo pake. Nthawi zina mtsemphawu umachoka pa nthambi yakumanja ya mtsempha wa kumapapo, n'kudutsa mkati mwa khoma la aorta, ndipo apa ndi pamene echo imanamiza kwambiri.

Sikuti CT iliyonse ingagwire ntchitoyi. Mtima wa khanda ukugunda ka 140 kapena 160 pa mphindi. Makina akale osalumikizidwa ndi ECG amangotulutsa chimbuuzi pamalo pomwe mukufuna kuona, ndipo kugwedezekako kumatha kujambula khomo pamene palibe. Pamafunika makina othamanga, a dual source kapena a detector yotambalala yotenga mtima wonse pa kugunda kumodzi, ndi prospective gating, yojambula pa nthawi yosankhidwiratu ya kugunda motsata ECG. Kwa khanda 70 kapena 80 kV imakwana, ndipo ikakonzedwa bwino mlingo wa cheza umakhala cha pa 1 mSv kapena kucheperapo. Magawo akhale a 0.5 mpaka 0.6 mm. Mtima ukamathamanga, nthawi imene umakhazikika ndi kumapeto kwa systole (nthawi imene mtima ukufinya), cha pa 35 mpaka 45 peresenti ya R-R, nthawi ya pakati pa kugunda kumodzi ndi kotsatira. Ija ya 70 mpaka 80 peresenti imene tinazolowera ndi ya akulu ndi achinyamata a mtima wodekha.

Contrast, mankhwala owalitsa mitsempha pa chithunzi, ndi 1.5 mpaka 2 ml pa kilogalamu, kudzera pa kanyula ya 22G kapena 24G imene yayesedwa kaye ndi saline. Zolakwika ziwiri zimabwerezedwa. Choyamba, kugwiritsa ntchito nthawi yoikiratu. Mtima wofooka umayendetsa contrast mochedwa, mumajambula isanafike, ndiye pamafunika bolus tracking (makina kudikira contrast ifike) kapena kuyang'ana ndi maso n'kudina nokha. Chachiwiri, protocol ya akulu imatsuka mbali yakumanja ya mtima ndi saline kuti aorta yokha iwale. Apa mukufuna aorta ndi mtsempha wa kumapapo ziwale zonse, ndiye gawo lachiwiri la jakisoni likhale contrast yosungunula ndi saline.

Ndipo chonde, beta blocker ndi nitroglycerin zimene timapereka kwa akulu pofuna chithunzi chokongola zisayandikire khanda ili. Chithunzi chingatuluke bwino mwana atatsala pa tebulo.

MRI ilibe cheza ndipo imaonetsa zipsera za m'minofu ndi gadolinium, koma imatenga mphindi 45 mpaka ola, khanda liyenera kugonekedwa, ndipo kuona kamtsempha ka milimita 1 siifika pa CT. Malo ake ndi ana okulirapo. Catheter, kapaipi kolowetsedwa m'mitsempha mpaka kumtima, masiku ano yatsala ya pamene zonsezi zakanika: contrast ikathiridwa mu aorta mumaona mtsempha umodzi wokha waukulu, kenako wakumanzere ukudzaza mochedwa, kenako mtsempha wa kumapapo ukudetsedwa. N'zomveka bwino, koma pa mtima wa njala chotere catheter imatha kuyambitsa VF, kunjenjemera kwa mtima kosapopa magazi.

Kanthu kena ka pa X-ray: mtima waukulu umapanikiza njira ya mpweya yakumanzere, gawo lapansi la phapo limafwapa, n'kuoneka loyera. Chimenechi ndi chimene chimawerengedwa kuti chibayo kachiwiri ndi kachitatu.

Wa_ku_thiyeta

Achimwene a CT anena zoona pa mankhwala aja. Ndionjezere za podikira, poti apa m'pamene inu a kuwodi muli ndi mphamvu.

Zinthu zitatu zikusunga mwanayu: pulesha ya diastole mu aorta, chifukwa ndiyo ikukankha magazi kudzera mu mtsempha umodzi wotsalawo, pulesha ya kumapapo isatsike kwambiri, chifukwa ikatsika kubedwa kwa magazi kumakula, ndi mtima usathamange, chifukwa minofu imadya pa diastole, ndipo mtima ukathamanga diastole ndiyo imafupika. Chilichonse mukufuna kupereka, chiyezeni ndi zitatuzi.

Okosijeni amatsegula mitsempha ya m'mapapo. Mwana amene SpO2 (mlingo wa okosijeni m'magazi) yatsika pansi pa 90 musam'mane, koma musathamangitse 100, ndipo amene ali pa 95 popanda kanthu alekeni. Mukamam'pumitsa ndi Ambu musafulumize, poti kutsitsa carbon dioxide kumachitanso zomwezo. Dilipi ya 20 ml pa kilogalamu yothamangitsa, imene dzanja limafikira lokha mwana akazizira manja, imamiza mapapo. Lasix ndi 1 mg pa kilogalamu kamodzi kapena kawiri pa tsiku, mukuyang'ana potaziyamu ndi kulemera. Mukam'umitsa kwambiri pulesha imagwa. Captopril, ngati dokotala wa mtima wavomera, iyambe pa mlingo wochepetsetsa mukuyeza BP. Digoxin pa mtima wosowa magazi, potaziyamu atatsika ndi Lasix, ndi njira yoitanira kugunda kosokonekera. Kuchepa magazi kukonzedwe, chifukwa mtima umenewu ulibe malo opirira Hb yotsika: packed cells 5 mpaka 10 ml pa kilogalamu, pang'onopang'ono kwa maola 3 mpaka 4. Mkaka wa mayi ufinyidwe, upite pa chubu cha m'mphuno pang'onopang'ono maola 2 kapena 3 aliwonse. Malungo ndi kutentha thupi zichizidwe msanga. Kubaya mwana kasanu kusaka mtsempha akulira n'koopsa kuposa mmene kumaonekera.

Zonsezi n'zongogulira masiku. Palibe kudikira kuti anenepe kaye kapena mtima ulimbeko. Sulimba popanda magazi. Opaleshoniyi imafuna makina oimira mtima ndi mapapo komanso ICU ya makanda, ndipo ana ambiri a ku Malawi ofuna opaleshoni ya mtima amatumizidwa kunja, monga ku India. Choncho kalata ipite kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, yolembedwa poyera kuti mukuganizira ALCAPA, pamodzi ndi pepala la ECG ndi tizidutswa ta vidiyo ta echo tokhala ndi mitundu, osati zithunzi zoima. Za mapasipoti a mayi ndi mwana ziyambike pomwepo.

Cholinga cha opaleshoni ndi kubwezera mtima mitsempha iwiri yochokera ku aorta. Kale ankangomanga mtsempha wolakwikawo kuti kubedwa kuthe, koma mwana ankatsala ndi mtsempha umodzi ndipo ena ankafa mwadzidzidzi patsogolo, ndiye njirayi inasiyidwa. Lero chifuwa chimatsegulidwa pakati. Makina akangoyamba, nthambi ziwiri za mtsempha wa kumapapo zimamangidwa, chifukwa makinawo amakhuthula mbali yakumanja ndipo kubedwa kumafika pachimake. Kumangako kumathandizanso kuti mankhwala oimitsa mtima asathawire kumapapo. Ambiri amawathira mu aorta ndi mu mtsempha wa kumapapo momwe. Kenako khomo limadulidwa ndi kachigamba kozungulira ngati batani, mtsempha umamasulidwa pang'ono, batani lija limasokedwa pa aorta, ndipo bowo lotsala limatsekedwa ndi chigamba cha thumba la mtima la mwana yemweyo. Choopsa ndi kukoka kapena kupinda: mtsempha ukafika mokakamiza umatsekeka. Khomo likakhala kutali, amalumikiza ndi kapaipi kopangidwa ndi khoma la mtsempha wa kumapapo, kapena amachita njira ya Takeuchi ya mu 1979, yoboola zenera pakati pa mitsempha ikuluikulu iwiriyo n'kumanga kangalande mkati mwa wa kumapapo. Takeuchi ili ndi ngongole zake: kuchepa kwa njira pamwamba pa valavu ya kumapapo, ndi kangalande kudontha.

Valavu ya mitral ambiri saikhudza pa khanda, chifukwa ikubweza magazi kaamba ka kutupa kwa chipinda ndi njala ya minofu yake, ndipo zimenezi zikatha nayonso imachepetsa. Masiku oyamba ndi ovuta: chifuwa chimatha kusiyidwa chotsegula, ena amafuna ECMO, makina oimira mtima ndi mapapo kwa masiku angapo. Koma minofu yambiri imene imaoneka yakufa imakhala itangogona. M'malo ozolowera ntchitoyi ana oposa 9 mwa 10 amapulumuka, ndipo mwa ambiri mtima umabwerera kufinya bwino m'miyezi ingapo mpaka chaka. Echo ya chaka ndi chaka isalekeke.

Kliniko_wa_ana

Zikomo kwambiri akuluakulu, za scale ya colour Doppler zija zalowa. Ndifunseko mbali ina ya nkhani yomweyi. Nanga mnyamata wa zaka 14 amene wakomoka ali pakati pothamangitsa mpira, n'kudzuka yekha patapita mphindi, malungo alibe, shuga ali bwino, ECG ili bwino? Kawirikawiri zimathera pa kunena kuti ndi njala, dzuwa kapena khunyu. Mitsempha yodyetsa mtima imalowamo apa?

Dokotala_wa_mtima

Imalowamo, koma ndi nthenda ina. Apa mitsempha yonse iwiri ikuchoka pa aorta, kungoti umodzi wachoka pa sinus (kathumba ka kutsinde kwa aorta) yolakwika. Timati AAOCA. Ndi yofala kuposa ALCAPA kutalitali: Angelini ndi anzake ku Texas anajambula ana asukulu oposa 5,000 ndi MRI, n'kupeza mtundu wodutsa pakati pa aorta ndi mtsempha wa kumapapo mwa ana pafupifupi 4 pa 1,000. Wakumanja wochoka kumanzere ndiwo umachuluka, koma wakumanzere wochoka kumanja ndiwo umapha kwambiri.

Funso loyamba si la makina, ndi la mbiri. Anakomoka ali pati? Mwana amene wagwa ataima nthawi yaitali pamzere wa m'mawa kusukulu, kapena atangomaliza kuthamanga n'kuima chiriri, atayamba wamva chizungulire ndi mdima m'maso, kawirikawiri si mtima. Amene wagwa miyendo ikadali pa liwiro, popanda chenjezo, kapena amamva chifuwa kuthina akamalimbikira, ameneyo asiye mpira kufikira ataunikidwa. Kugwedezeka pang'ono atagwa sikutsimikiza khunyu, ubongo ukasowa magazi umachitanso zomwezo.

ECG yabwino isakutonthozeni. Mu 2000, Basso ndi anzake anafotokoza za achinyamata amasewera 27 a ku America ndi ku Italy amene anafa ndi vutoli, 23 wakumanzere, 4 wakumanja. Onse anafa ali pa masewera kapena atangomaliza. Amene anajambulidwapo ECG ali moyo, inali yabwino; amene anathamangitsidwapo pa makina oyesera mtima, zotsatira zinalinso zabwino. Chifukwa chake n'chakuti kutsekekako n'kwa apo ndi apo. Gawo loyamba la mtsempha limayenda mkati mwa khoma la aorta lenilenilo, khomo lake n'lophwatalala ngati kabowo ka batani la malaya, ndipo limachoka mopendama kwambiri. Munthu akalimbikira, aorta imafufuma, khoma limakokeka, kanjira kaja kamaphwanyika, pomwe mtima ukufuna magazi ochuluka ndipo diastole yafupika. Zikachitika kangapo zimasiya tizipsera, ndipo tsiku lina VF imayambira pamenepo.

Pa echo, malo ndi omwe aja a wotchi. Sakani mzere wa mtundu woyenda m'khoma la kutsogolo la aorta, pakati pa iyo ndi njira yopita kumapapo, scale ili yotsika. Ukakhala wabuluu, ndi wakumanzere wochoka kumanja. Ukakhala wofiira, ndi wakumanja wochoka kumanzere. Koma mosiyana ndi khanda lija, apa CT siyolumpha. Lipoti lake linene sinus imene mtsempha wachokera, maonekedwe a khomo, ngodya yochokera ngati ili pansi pa madigiri 45, kutalika kwa gawo la m'khoma m'mamilimita, ngati mtsempha ukuoneka ngati dzira m'malo mozungulira ukadulidwa chopingasa, ndiponso ngati ukudutsa pamwamba kapena pansi pa commissure, polumikizana zitseko ziwiri za valavu ya aorta. Lipoti longoti njira yake ndi yoopsa silithandiza wochita opaleshoni.

Poyesa ngati minofu ikusowadi magazi, kuthamanga ndi ECG yokha sikukwanira; pamafunika chithunzi, kaya stress echo, kaya MRI ya dobutamine (mankhwala olimbikitsa mtima ngati munthu akuthamanga) yokwezedwa mpaka 40 mcg pa kilogalamu pa mphindi, nthawi zina ndi atropine. Adenosine imangotsegula timitsempha, siifufumitsa aorta, ndiye siibweretsa vuto lenilenilo poyera. Pamene pali kukaikira, malo ena amalowa ndi catheter kukachita IVUS (kujambula mtsempha kuchokera mkati) ndi FFR (kuyeza pulesha kupitirira pochepapo) ya dobutamine.

Malangizo a mu 2017 a AATS, bungwe la ku America la madokotala a opaleshoni ya m'chifuwa, amati amene ali ndi zizindikiro kapena umboni wa kusowa magazi achitidwe opaleshoni, ndipo wakumanzere wodutsa pakati achitidwe ngakhale alibe chizindikiro. Imfa yadzidzidzi ndi yosowa mwana asanafike zaka 10, choncho kwa wamng'ono wopanda zizindikiro ambiri amadikira msinkhu umenewo. Wakumanja wopanda zizindikiro, woyesedwa bwino n'kupezeka kuti alibe vuto, amatha kuloledwa kusewera makolo atafotokozeredwa. Circumflex yochoka kumanja n'kudutsa kumbuyo kwa aorta, ndi mtsempha wodutsa kutsogolo kwa njira ya kumapapo, kawirikawiri n'zongozisiya. Wodutsa m'khoma la pakati kale unkatengedwa ngati wopanda vuto, koma ena mwa ana otere amaonetsa kusowa magazi akayesedwa, ndiye ayesedwe.

Opaleshoni yofala ndi unroofing: aorta imatsegulidwa, denga la kanjira ka m'khoma limadulidwa kuti khomo likhale lalikulu pa sinus yoyenera. Kanjirako kakadutsa pansi pa commissure, kuidula kumatha kusiya valavu ya aorta ikudontha, ndiye ena amaboola khomo latsopano kapena kusamutsa mtsempha wonse. Bypass, kuika mtsempha wina wolambalala, siyenera mwana: akakhala phee mtsempha wake umayendetsa magazi bwinobwino, wongoikawo umasowa ntchito n'kufota. Akachitidwa, aspirin kwa miyezi pafupifupi 3, kenako kuyesedwa mothamanga, zikakhala bwino abwerere pabwalo.

Echo_ya_ana

Adokotala, pa wakumanja wopanda zizindikiro ndikuona kuti tisafewetse kwambiri. Malangizo olola kusewerawo analembedwa poganiza kuti mwana wayesedwa ndi chithunzi, ndipo pabwalo pali AED (makina odzutsa mtima ndi magetsi) ndi munthu wodziwa kupopa chifuwa. Kumene zimenezi kulibe, mawu oti wayesedwa n'kupezeka bwino amatanthauza ECG ya atagona basi. Komanso sindikunena kuti aliyense atsegulidwe chifuwa, poti opaleshoniyo ili ndi zake: madzi m'thumba la mtima, valavu kudontha, khomo kubwereranso kuchepa. Chimene ndikunena n'chakuti kalata yolola mpikisano isalembedwe ndi munthu amene sanaone CT. Kusewera pakhomo ndi kuyenda kupita kusukulu musaletse.

Circumflex ya kumbuyo kwa aorta ija, ngakhale ili yosavuta, ilembedwe m'buku la mwana. Tsiku limene adzafune kusinthidwa valavu ya mitral kapena ya aorta chifukwa cha rheumatic, ulusi umadutsa pomwepo.

Wa_ku_thiyeta

Zolemba m'bukuzo ndikugwirizana nazo, ndipo pali ena awiri ofunika kuwaona musanatumize. Pa tetralogy of Fallot, nthenda yobadwa nayo ya VSD ndi kuchepa kwa njira yopita kumapapo, mwa ana pafupifupi 5 pa 100 mtsempha waukulu, kawirikawiri LAD yochoka ku wakumanja, umadutsa chopingasa kutsogolo kwa njira yotulukira kumapapo, pamalo penipeni pamene mpeni umadutsa poika chigamba. Zikadziwika kale, amakonzeratu conduit (paipi yolambalala) kapena kulowera njira ina. Pa echo, kwezani probe kuchoka pa short axis muone ngati pali mizere iwiri yodutsa kutsogolo kwa njirayo. Pa pulmonary atresia (valavu ya kumapapo yotsekekeratu) yopanda VSD, mbali ina ya mtima imatha kudyetsedwa ndi chipinda chakumanja kudzera m'timipata ta m'minofu. Mukatsegula valavu pulesha ya chipindacho imagwa, minofu n'kufa pomwepo, ndiye angiogram, kujambula mitsempha ndi contrast, iyambe.

Fistula, pamene mtsempha wodyetsa mtima ukuthira mwachindunji m'chipinda cha mtima kapena mu mtsempha wina, ndiyo yotsala. Mumamva phokoso losalekeza ngati la PDA koma chapansi pa chifuwa, ndipo echo imaonetsa mtsempha umodzi wonenepa, wokhotakhota, wothira kawirikawiri mbali yakumanja ya mtima. Tating'ono timasiyidwa, tina timatsekeka tokha. Zazikulu zimatsekedwa ndi coil kapena plug pa catheter, kapena kumangidwa pa opaleshoni, pafupi ndi pothira, kupitirira nthambi yomaliza yodyetsa minofu. Ikatsekedwa, mtsempha wonenepa uja umatsala ngati dziwe, magazi amaundana n'kubwerera kukatseka nthambi zabwino, choncho aspirin iperekedwe, ndipo pa yotupa kwambiri amaonjeza warfarin, INR (kachedwedwe ka magazi kuundana) ikuyezedwa.